Johannes Kepler, Wowerenga Njira za Nyenyezi

Johannes Kepler anabadwa pa 27 Disembala 1571 ku Weil der Stadt m'dziko la Germany. Anaphunzira ku Tübingen kuti akhale mbusa, koma m'caka ca 1594 anamtumiza ku Graz kukaphunzitsa masamu. Pambuyo pace anazindikira kuti Mulungu alemekezedwanso ndi munthu wosanthula nchito za manja ace.

M'caka ca 1600 anampitikitsa ku Graz cifukwa anakana kusiya cikhulupiriro cace. Anakakhala ku Prague, nathandiza Tycho Brahe, amene anapima mayendedwe a nyenyezi zaka zambiri. Akale anaphunzitsa kuti zakumwamba ziyenda m'njira zobulungira kotheratu, ndipo Kepler anabvomereza. Koma miyeso ya nyenyezi ya Mars inasiyana pang'ono ndi ciwerengero cace. Iye sanabise kusiyanako. Anataya ganizo limene analikonda, ndipo mu 1609 anaonetsa kuti njira ya Mars pozungulira dzuwa iri yophwatalala pang'ono, ndi kuti ifulumira poyandikira dzuwa, nicedwa potalikira.

Sananyoze zazing'ono. Mu 1611 analemba za cipale cofewa ca ngondya 6, ndi za zipinda za njuci za mbali 6, zogundana popanda mpata.

Anamwalira ku Regensburg pa 15 Novembala 1630. Moyo wace utiphunzitsa kuwerenga dongosolo la Mlengi monga liri, osati monga tifuna ife. Tsiku lofula njuci, tengani cisa, muwerenge mbali za zipinda zace.