Sheikh Abdallah Mkwanda: Anakaphunzira Kutali, Nabwerera Kwawo



Ku Ntaja, ku Liwonde, ku Ulongwe, wachinyamata akangomaliza sukulu nkhani imakhala imodzi: basi ya ku Joni. Ena amakana, akuti sangasiye mayi ndi munda. Tisanayambe kuweruzana, tamvani za Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda.

Anabadwa cha m'ma 1860, ndipo bambo awo anali amalonda a minyanga ya njovu. Masiku amenewo Ayao ankayenda wapansi masabata ambiri mpaka ku Kilwa, m'Tanzania ya lero, kukagula nsalu ndi mikanda. Abdallah anatsata njira yomweyo, koma iwo anakakhala pansi n'kuphunzira Qur'an.

M'zaka za m'ma 1880 anabwerera kuno kunyanja, nakhazikika kwa Makanjira. Sanangokhala phee ayi. Ankayenda m'midzi ya Ayao kulalikira ndi kuphunzitsa. Mmodzi mwa ophunzira awo, Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, anapitiriza ntchitoyi mpaka anamwalira mu 1959. Sheikh Mkwanda anatisiya mu 1930.

Taonani, kukonda kwawo sikunawamange miyendo. Kunangowasankhira katundu woti akasenze pobwera. Nsalu za ku Kilwa zija zinatha kalekale, koma ilimu ija mpaka pano ikumveka m'madrasa athu.

Ndiye m'bale, kaya ukupita ku Blantyre kaya ku Joni, pita. Koma dzifunse: pobwera ndidzasenza chiyani chimene mudzi wanga ukusowa?

Allah awachitire chifundo masheikh athuwa. Ameen.