DOM PÉRIGNON, KAPITAO WA MINDA YA MPESA

M'dziko la France muli dera lozizira lotchedwa Champagne, la nthaka yoyera ngati choko. Kumeneko, m'mudzi wa Sainte-Menehould, kunabadwa mwana dzina lake Pierre Pérignon, ndipo anabatizidwa mu Januwale 1639. Atakula anasiya kwao, nalowa m'chipani cha amonke a Benedict Woyera ku Verdun. Pamenepo anayamba kutchedwa Dom, ndilo dzina laulemu la amonkewo.

M'chaka cha 1668 akulu ake anamtuma ku Hautvillers, pachitunda choyang'ana mtsinje wa Marne. Nyumba ya amonke ya komweko inali itasauka ndi nkhondo zakale, ndipo chuma chake chachikulu chinali minda ya mpesa. Dom Pérignon anaikidwa kapitao wa minda ndi wa mosungiramo vinyo. Vinyo akaipa, panalibe chogulira zosowa za abale ake, kapena chokonzera tchalitchi.

Chotero iye anayamba kusamala zinthu zazing'ono zimene ena ankazipeputsa. Anadulira mipesa kuti ibale zipatso zochepa koma zokoma. Analamula antchito kutchera mphesa m'mamawa, dzuwa lisanatenthe, ndi kutaya zonse zoola kapena zophwanyika. Anaziponderetsa msanga ndi mofatsa, kuti khungu lakuda lisadetse madzi ake. Motero mphesa zakuda zinatulutsa vinyo woyera. Ndiponso ankalawa mphesa za minda yosiyanasiyana, nasakaniza za munda uwu ndi za munda uwo, kuti chosowa m'zina chipezeke m'zinzake.

Koma panali vuto limodzi lalikulu. Madzi a mphesa amasanduka vinyo pakuwira, monga uchitira mowa mumtsuko. Ku Champagne chisanu chimafika msanga, ndipo chinkaletsa kuwirako kusanathe. Anthu poyesa kuti vinyo wapsa, ankamuthira m'mabotolo natseka. Nyengo yofunda itabwera, vinyo ankayambanso kuwira, mpweya nusowa potulukira. Mabotolo a masiku aja anali osalimba, ndipo limodzi likaphulika linkaswanso anzake, ntchito ya chaka chonse nitayika pansi. Chifukwa chake Dom Pérignon anayesa thovulo mdani, nalimbana nalo zaka zambiri.

Anagwira ntchito imeneyi zaka 47. M'nthawi yake minda inakula, ndipo vinyo wa ku Hautvillers anagulidwa pa mtengo wokwera. Anamwalira mu Seputembala 1715, mwezi womwewo umene anafa Louis XIV, mfumu ya France. Abale ake anamuika m'kati mwa tchalitchi chawo, ulemu umene unkayenera akulu a nyumbayo.

Pambuyo pake anthu olemera anakonda vinyo wathovu, mabotolo olimba nachuluka, ndipo dzina la Champagne linamveka kutali. Patapita zaka zoposa 100 mbiri inabuka yakuti Dom Pérignon ndiye anayambitsa vinyo wathovuyo, ndi kuti anali wakhungu. Koma ofufuza zakale apeza kuti izi ndi nthano chabe.

Lero alendo ochokera ku maiko ambiri amayenda m'minda ya mpesa ija, natsikira m'mapanga ozizira okumbidwa m'choko pansi pa mizinda ya Reims ndi Épernay, mmene mabotolo osawerengeka agona mumdima. M'chaka cha 2015 bungwe la UNESCO linawerengera zitunda ndi mapanga amenewa pamodzi ndi malo oyenera kusungidwa ndi anthu onse. Ambiri amakweranso ku Hautvillers kukaona mwala wa pamanda ake.

Anthu amtamanda chifukwa cha chinthu chimene sanachite. Koma ulemu wake weniweni ndi uwu: anapatsidwa munda, naugwirira ntchito mokhulupirika kufikira imfa. Mwana wopalira bwino mzere wake, ngakhale palibe womuona, atsata mapazi a kapitao ameneyu.