Dotolo Robert Laws ndi Nyumba ya Miyala

Dotolo Robert Laws anabadwira ku Aberdeen m'caka ca 1851, nafika pa nyanja yathu ndi sitima ya Ilala mu 1875. Malungo atapha ena mwa anzace ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, iye anakwera ku Khondowe, kumpoto kwa Mzuzu, mu 1894, namangako sukulu ya aphunzitsi ndi amisiri. Analimbikitsanso ophunzira ace poyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912. Anabwerera kwao mu 1927, namwalira mu 1934.

Nyumba yace ya miyala, yomangidwa mu 1903, ikaliko. A Misyoni anaisandutsa mosungiramo zinthu zakale. Abale, tiisamale nyumbayi, pakuti ikagwa, ana athu adzaona kuti ciyambi ca mabungwe athu?