Gerard Sekoto: Mphunzitsi amene adajambula nkhope za anthu wamba

M'midzi yambiri ya m'boma la Kasungu muli mabanja amene agogo awo adapita ku Joni pa Wenela. Kumigodi, mabwana ankawadziwa ndi nambala chabe. Koma ku Joni komweko kudali mkulu wina amene ankayang'anitsitsa nkhope za anthu akuda n'kuzijambula ndi penti mowapatsa ulemu. Dzina lake adali Gerard Sekoto.

Sekoto adabadwa pa 9 Disembala 1913 pamishoni ya Lutheran ya Botshabelo m'dziko la South Africa. Adaphunzira zauphunzitsi ndipo adagwira ntchitoyi pasukulu ya Khaiso. M'chaka cha 1938 adatula pansi choko n'kusamukira ku Sophiatown, dera la anthu akuda mumzinda wa Johannesburg, kuti azidyera luso lake.

Kumeneko ankajambula anthu amene azungu sankawawerengera: amayi pantchito zapakhomo, ana mumsewu ndi abambo ochokera kuntchito. Mu 1940, nyumba yosungiramo zaluso ya Johannesburg Art Gallery idagula chithunzi chake. Aka kadali koyamba kuti nyumbayi igule ntchito ya munthu wakuda.

Chithunzi chake chodziwika kwambiri, Song of the Pick, chimaonetsa amuna akuda ali pamzere atakweza mapiki nthawi imodzi, kapitawo wachizungu ataima pambali, manja m'thumba, kaliwo kukamwa. Aliyense amene adakhalako tenanti paesiteti ya fodya sangafune womumasulira chithunzichi.

Pothawa tsankho, Sekoto adapita ku Paris m'dziko la France mu 1947. Moyo udamuvuta, moti ankaimba piyano m'malo azisangalalo kuti apeze chakudya. Ngakhale adali kutali, mtima udatsalira kwawo, ndipo m'zaka za m'ma 1960 adajambula nkhope zambiri za amayi a mu Africa ndi penti yobiriwira ngati mtambo.

Mu 1989, yunivesite ya Witwatersrand idamupatsa digiri yaulemu, koma mkuluyu sadapondenso kwawo. Adamwalira ali mtchona pa 20 Malichi 1993, patangotsala chaka kuti Nelson Mandela akhale mtsogoleri wa dziko lake.

Boma la tsankho lidayamba kugwetsa Sophiatown mu 1955 n'kubalalitsa anthu ake. Lero ofuna kudziwa momwe anthuwo ankaonekera amakayang'ana zithunzi za Sekoto.