Ernest Starling

Ernest Henry Starling (17 Epulo 1866 – 2 Meyi 1927) anali dokotala wa ku England yemwe ankafufuza mmene thupi limagwirira ntchito. Anabadwira ku London, anaphunzira udokotala pa Guy's Hospital, ndipo mu 1899 anakhala pulofesa pa University College London.

Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti mitsempha yokha ndi imene imalamula kapamba kutulutsa madzi ogaya chakudya. Mu 1902 Starling ndi mlamu wake William Bayliss anadula mitsempha ya kachigawo ka matumbo a galu n'kuthiramo asidi, koma kapamba anatulutsabe madzi aja. Apa anazindikira kuti matumbo amatumiza uthenga kudzera m'magazi, ndipo chinthu chonyamula uthengawo anachitcha secretin. Mu 1905 Starling anayamba kutcha zinthu zotere mahomoni.

Ntchitoyi inatsegula njira yomvetsa njala ndi kunenepa. Lero zikudziwika kuti homoni imalowa pamalo ake olandirira pa selo ngati kiyi mu loko, ndipo seloyo imayamba kugwira ntchito. Malo olandirira GLP-1, homoni ya m'matumbo yochepetsa chilakolako cha chakudya, ali m'gulu limodzi ndi a secretin, ndipo mankhwala ena a matenda a shuga ndi kunenepa kwambiri amagwira pomwepo.

Starling amadziwikanso ndi lamulo lofotokoza kapopedwe ka magazi mu mtima. Anamwalira ali m'sitima yapamadzi pafupi ndi Kingston ku Jamaica, komwe anaikidwa.