Jon Postel, Mlembi Amene Ankasunga Kaundula wa Intaneti

Tikamatumiza imelo kapena kutsegula tsamba limene adiresi yake imathera ndi .mw, timadalira malamulo amene analembedwa ambiri a ife tisanabadwe. Malamulo amenewa sanachokere ku nyumba ya malamulo kapena ku kampani imodzi. Anthu ankakhala pansi n'kugwirizana, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 munthu mmodzi ndi amene ankasonkhanitsa ndi kusunga zimene agwirizanazo. Munthuyo anali Jonathan Bruce Postel.

A Postel anabadwa pa 6 Ogasiti 1943 ku Altadena, m'chigawo cha California ku America. Sukulu ya sekondale anaphunzira ku Van Nuys, komwe kunaphunziranso Vint Cerf ndi Steve Crocker, anthu amene anadzagwira nawo ntchito pambuyo pake. Maphunziro apamwamba anachitira pa yunivesite ya UCLA, ndipo digiri yoyamba anailandira mu 1966, yachiwiri mu 1968, ya udokotala wa sayansi ya makompyuta mu 1974.

Adakali wophunzira, mu 1969, boma la America linayamba kulumikiza makompyuta a mayunivesite angapo kudzera mu netiweki yotchedwa ARPANET, ndipo UCLA inali malo oyamba kulumikizidwa. Ntchito yokonza njira yoti makompyutawo azimvana inagwera ophunzira. Poopa kuoneka ngati akulamula akuluakulu, a Crocker analemba chikalata choyamba mu Epulo 1969 n'kuchipatsa dzina lodzichepetsa lakuti Request for Comments, kutanthauza pempho loti ena aikepo maganizo awo. Zikalatazi zimadziwika ndi dzina lachidule lakuti RFC. Pasanapite nthawi a Postel anatenga udindo wozikonza, kuzipatsa manambala ndi kuzisindikiza, ndipo sanausiye mpaka imfa yawo.

Mu 1977 anayamba ntchito ku Information Sciences Institute ya yunivesite ya Southern California, ku Marina del Rey. Ali kumeneko anakonza RFC 791 ndi RFC 793 za mu 1981, zimene zimafotokoza IP ndi TCP, maziko a kayendedwe ka uthenga pa intaneti. Mu 1982 analemba RFC 821 yonena za katumizidwe ka imelo. Zikalata zimene analemba okha kapena pamodzi ndi anzawo zimaposa 200. Amakumbukikanso ndi langizo lawo kwa opanga mapulogalamu, loti azisamala kwambiri ndi zimene pulogalamu yawo ikutumiza koma akhale ololera pa zimene ikulandira kuchokera kwa ena.

Ntchito yawo ina inali yosunga kaundula. Kuti intaneti iyende, nambala imodzi kapena dzina limodzi lisaperekedwe kwa anthu awiri. A Postel, mothandizidwa kwa zaka zambiri ndi Joyce Reynolds, ankalemba kuti nambala iyi ndi ya uje, dzina ili lili m'manja mwa uje. Ntchitoyi inadzatchedwa IANA. Pa mayina a mayiko sanafune kukhala woweruza wonena kuti dziko ndi liti, choncho anatsatira mndandanda wa ISO 3166 umene unalipo kale. N'chifukwa chake Malawi ali ndi .mw, Zambia .zm, Mozambique .mz. Mu RFC 1591 ya mu 1994 anafotokoza kuti wosamalira dzina la dziko ndi mdindo chabe wotumikira anthu, ndipo asamaganize za umwini koma za udindo.

Mzimu umenewu ndi umene unamanga bungwe la IETF, limene linakumana koyamba mu Januwale 1986 ku San Diego, anthu ake ali 21 okha. Bungweli lilibe mamembala olembetsa. Aliyense angalowe m'zokambirana, ndipo amalankhula monga munthu payekha, osati monga nthumwi ya kampani kapena boma. Sawerenga mavoti. Amafufuza ngati ambiri agwirizana ndiponso ngati zotsutsa zayankhidwa, ndipo nthawi zina pamsonkhano amang'ung'udza pamodzi kuti wapampando amve mbali imene yakula. Izi zikusiyana ndi ITU, bungwe la United Nations loona za mauthenga, limene mamembala ake ndi maboma ndi makampani.

Ubwino wa njira ya IETF ndi woonekeratu. Kampani ikakhala ndi voti, wolemera amagula chigamulo. Munthu akamalankhula m'dzina lake, maganizo ake amayesedwa ndi funso limodzi lokha, loti kodi zimene akunenazo zikugwira ntchito. Komabe tisadzinamize. Misonkhano imachitika katatu pa chaka m'mizinda yosiyanasiyana, ndipo tikiti ya ndege, malo ogona ndi nthawi yowerenga zikalata zimafuna ndalama. Kawirikawiri amalipira ndi olemba ntchito. Kampani yaikulu ingatumize akatswiri ambiri, pamene mphunzitsi wa ku yunivesite yosauka sangakwanitse ngakhale ulendo umodzi. A Postel nawonso sankadya mphepo. Ankalandira malipiro ku yunivesite, ndipo ntchito ya IANA inkayenda ndi ndalama za boma la America. Chimene chinawasiyanitsa n'chakuti anthu a mbali zonse ankakhulupirira kuti sakondera wowalipira kapena wina aliyense.

Chikhulupiriro chimenechi chinayesedwa ndalama zitalowa. Mu 1995 kampani ya Network Solutions inaloledwa kulipiritsa madola 50 pa chaka pa dzina lililonse la .com, ndipo mayina anasanduka malonda aakulu. Mkangano unabuka wonena za amene ayenera kulamulira muzu wa kaundula wa mayina. Pa 28 Januwale 1998 a Postel analembera oyang'anira makompyuta 8 mwa 12 amene ankakopera kaundulayo, kuwapempha kuti azitenga kaundula ku kompyuta ya IANA m'malo mwa ya Network Solutions. Onse 8 anamvera, ngakhale panalibe lamulo lowakakamiza. Boma silinakondwere. Ira Magaziner, mlangizi wa Pulezidenti Bill Clinton, anawauza kuti abwezeretse zinthu mmene zinalili, ndipo anatero. Iwo anafotokoza kuti kunali kuyesa chabe, koma ena amakuona ngati kusonyeza kuti mphamvu inali idakali ndi akatswiri odzipereka.

Nkhaniyi inaonetsa zinthu ziwiri. Mbiri yabwino ya munthu mmodzi inatha kusuntha intaneti ndi kalata imodzi. Inaonetsanso kuti chinthu chodaliridwa ndi dziko lonse sichingapachikidwe pa munthu mmodzi, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, pakuti mutu umodzi susenza denga. A Postel anathandiza kukonza bungwe latsopano la ICANN, limene linakhazikitsidwa mu Seputembala 1998 kuti litenge ntchito ya kaundula. Sanalione likugwira ntchito. Anamwalira pa 16 Okutobala 1998 ali ndi zaka 55, atachitidwa opaleshoni ya mtima. A Cerf analemba RFC 2468 powakumbukira, ndipo bungwe la Internet Society limapereka mphoto ya dzina lawo kwa anthu amene atumikira intaneti mokhulupirika.

Ife amene tikukonzekera uphunzitsi tidzakhala m'makomiti a sukulu, a maphunziro ndi a m'mudzi, ndipo kawirikawiri tidzapitako titatumidwa ndi wina amene akutilipira. Tsiku lina zofuna za wotituma zidzasemphana ndi zimene tikudziwa kuti n'zoona, ndipo tidzayenera kusankha amene tikumulankhulira. Tidzapatsidwanso mabuku osunga, a mayina a ana, a mayeso, a ndalama za makolo. A Postel anasunga buku lotere kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale amene ankatsutsana nawo ankadziwa kuti manambala amene analembamo anali oona.