Luis Monti, Munthu Amene Anasewerera Maiko Awiri

Loweruka lija timu yathu itagonja ndi cigoli cimodzi, sitinagone msanga m'nyumba yathu yogonamo. Mkangano unayambira pa woimbira mpira, amene ambiri a ife tinati anaimbira ndi diso limodzi. Koma posacedwa nkhani inapotoka, ndipo tinayamba kukangana za osewera amene abadwira m'dziko lina nabvala malaya a dziko lina. Mnzanga wina ananenetsa kuti munthu wotero ndi wogulitsa mtundu wace, ndi kuti kale kunalibe zonyansa zotere. Ine sindinamyankhe usiku umenewo, koma ndakhala ndiri kuwerenga, ndipo tsopano ndifuna kumyankha pamaso pa inu nonse, aphunzitsi ndi anzanga, ndi mbiri ya munthu mmodzi amene anamwalira ife tonse ophunzira tisanabadwe.

Luis Monti anabadwira mu mzinda wa Buenos Aires, m'dziko la Argentina, pa 15 May 1901. Banja lace linacokera ku Italy, monga mabanja ambirimbiri a mumzindamo, pakuti pa zaka zimenezo zombo zinali kucoka ku Italy zodzala ndi amphawi ofuna nchito kutsidya kwa nyanja. Mau amenewa muwasunge, cifukwa tidzawafunanso kutsogoloku. Monti sanali wamtali, koma anali ndi cifuwa cotambalala kotero kuti anzace anamucha Doble Ancho, ndiko kunena wotambalala kawiri. Anatenga cikho ca dziko lace ali ndi timu ya Huracán mu 1921, ndipo atapita ku San Lorenzo anacitenganso katatu, mu 1923, 1924 ndi 1927.

Malo ace pabwalo anali pakati, patsogolo pa ochinga kumbuyo. Nchito yace inali iwiri: kutsekereza womwetsa zigoli wa adani, ndiponso, akalanda mpira, kuutumiza kutali kwa anzace a m'mbali. Zonse ziwiri anazidziwa bwino. Koma ndisabise, sanali wosewera waulemu. Munthu wofuna kudutsa pamene panali Monti anayenera kuyamba watsazika miyendo yace. Ndi mphamvu zimenezo anathandiza Argentina kutenga cikho ca maiko a ku South America mu 1927, ndipo caka cotsatira anafika nayo pa masewera omaliza a Olympic ku Amsterdam, kumene anagonja kwa anansi ao a ku Uruguay. Maiko awiriwa alekanitsidwa ndi mtsinje waukulu wa Plate, ndipo pa nkhani ya mpira anali ngati mphaka ndi galu.

Tsono mu 1930 kunacitika Cikho ca Dziko Lonse coyamba, ndipo cinacitikira ku Uruguay komweko, mu mzinda wa Montevideo. Anabwera matimu 13 okha. Pa 15 July Argentina inakomana ndi France. Masewera atangoyamba Monti anabvulaza Lucien Laurent, amene anatsimphina mpaka mapeto, pakuti masiku amenewo panalibe lamulo lolola kulowetsa wina m'malo mwa wobvulala. Kutatsala mphindi 9 Monti yemweyo anamenya mpira woika pansi nagoletsa, ndipo ici cinali cigoli coyamba ca Argentina m'mbiri yonse ya cikhoci. Apa ndi pamene woimbira wathu wa Loweruka aoneka ngati mngelo. Woimbira wa tsikulo, Almeida Rêgo wa ku Brazil, analiza wenzulo yothetsa masewera kutatsala mphindi 6 zathunthu, ndiponso pa nthawi yomwe Marcel Langiller wa ku France anali kuthamanga ndi mpira kulinga ku golo. Afalansa anamzinga, anthu oonerera analowa m'bwalo, apolisi a pa akavalo nalowanso. Pambuyo pace munthuyo anabvomera kuti analakwitsa kuwerenga nthawi, naitananso osewera, koma moto wa Afalansa unali utazima kale. Anagonja 1-0.

Kuyambira tsiku limenelo anthu a ku Montevideo anamuda Monti. Pa masewera a Chile panabuka ndeu imene iye anali pakati pace, mpaka apolisi analowa kukaleretsa. Pa masewera a United States anagoletsa cigoli coyamba, Argentina nipambana 6-1. Motero anansi awiri aja anakomananso pa masewera omaliza, pa 30 July, m'bwalo latsopano la Centenario.

Ndiyesa palibe masewera ena amene anayamba ndi mantha ocuruka cotere. Anthu zikwi zambiri anaoloka mtsinje pa zombo kucokera ku Buenos Aires, ndipo pa zipata apolisi anali kuwafunyulula kufuna mfuti. Woimbira, John Langenus wa ku Belgium, anabvomera nchitoyo pokhapokha atalonjezedwa citetezo ndi njira yofikira msanga ku combo masewera akatha. Ngakhale mpira weniweniwo anaukanganira, timu iri yonse kufuna wakwao, kotero kuti cigawo coyamba anasewera ndi mpira wa Argentina, caciwiri ndi wa Uruguay. Ndipo Monti anali atalandira mau omuopseza kuti Argentina ikapambana, iye ndi abale ace adzaphedwa. Anapempha kuti asasewere, koma akuru a timu anamkakamiza. Analowa m'bwalo, koma amene analowayo sanali Doble Ancho uja. Munthu amene anali kugwetsa anzace ngati mapesi, tsiku limenelo anaopa kukhudza munthu.

Pa nthawi yopuma Argentina inali kutsogola 2-1, ngakhale a Uruguay anadandaula kuti Guillermo Stábile anali pa ofusaidi pogoletsa caciwirico. Atabwerera, Uruguay inamwetsa zigoli zitatu, comariza cocokera kwa Héctor Castro, amene anaduka dzanja limodzi ali mnyamata. Masewera anatha 4-2. Ku Buenos Aires khamu la anthu linakagenda ofesi ya kazembe wa Uruguay, ndipo mkwiyo wotsala unagwera Monti. Anthu omwe aja amene anali kumtama cifukwa ca nkhanza zace anayamba kumnena kuti ndi wamantha. Pano ndifuna mnzanga uja aime pang'ono ndi kuganiza. Asanati kusiya dziko lace, kodi sindilo dziko lace limene linayamba kumsiya iye?  Malaya a Argentina anawabvala nthawi 16 zonse pamodzi, nagoletsa zigoli 5.

Mu 1931 timu ya Juventus ya mu mzinda wa Turin inamuitana ku Italy. Kwao mpira unali usanakhale nchito ya malipiro oyenera kufikira caka comweco, pamene ku Italy analonjezedwa ndalama zoti nkusunga nazo banja. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Anafika ku Turin ali ndi zaka 30, atanenepa kotero kuti eni timu anakhumudwa pomuona. Iye anadzipatula nayamba kuthamanga yekha masabata angapo kufikira mafuta anasungunuka. Zotsatira zace nzodziwika: Juventus inatenga cikho ca Italy zaka zinai zotsatana iye ali pakati, kuyambira 1932 kufikira 1935.

Tsopano tibwerere ku mau aja ndinati muwasunge. Monga mwa malamulo a Italy, mwana wa Mtaliyana anali Mtaliyana ngakhale abadwire kutali. Mphunzitsi wa timu ya dzikolo, Vittorio Pozzo, anali ndi maganizo akuti ngati anyamata otere akhoza kuitanidwa kukafera Italy pa nkhondo, akhozanso kuisewerera mpira. Motero mu 1932 Monti anabvala malaya obiriwira ngati thambo a Italy. Sanali yekha. Mu timu imene inasewera Cikho ca Dziko Lonse ca 1934 munalinso Raimundo Orsi, Enrique Guaita ndi Attilio Demaría, onse obadwira ku Argentina. Argentina yeniyeniyo inatumiza timu ya anyamata osadziwika, cifukwa matimu akuruakuru anakana kupereka osewera ao, ndipo inagonja kwa Sweden pa masewera oyamba nibwerera kwao.

Cikho cimeneci cinacitikira ku Italy, m'masiku a wolamulira wankhanza Benito Mussolini, amene anafuna kuti dziko lonse lapansi lione mphamvu ya ulamuliro wace. (Ndicho cikho cimene timu ya mu Africa inaonekerako koyamba, ndiyo Egypt.) Ndikawerenga za masewera a caka cimeneco ndimva cisoni ndi Aspanya koposa onse. Pa 31 May ku Florence, Spain inatsogola, koma Italy inabweza pamene goloboyi wochuka Ricardo Zamora anali atakankhidwa, ndipo woimbira Louis Baert wa ku Belgium analola cigolico. Masewera anali ngati nkhondo, natha 1-1. Anabwerezedwa m'mawa mwace mwomwe. Spain inasintha osewera 7, ndipo Zamora mwini sanakhoze kusewera. Italy nayonso inali itataya Mario Pizziolo, amene anathyoka mwendo. Pa masewera aciwiriwo woimbira René Mercet wa ku Switzerland anakana zigoli ziwiri za Spain, Italy nipambana 1-0 ndi cigoli ca Giuseppe Meazza. Kaimbidwe kace kanacititsa manyazi ngakhale anthu akwao, ndipo atabwerera, bungwe la mpira la Switzerland linamuimitsa nchito. Koma Aspanya anali atapita kale kwao.

Pa 3 June ku Milan anakomana ndi Austria, imene pa nthawiyo inali kusewera mpira wokongola koposa mu Ulaya. Mtsogoleri wa masewera ao anali Matthias Sindelar, munthu woonda ngati pepala, wocenjera mapazi. Pozzo anapatsa Monti nchito imodzi yokha, yakuti amtsate ponse apita. Bwalo linali la matope cifukwa ca mvula, ndipo pakati pa matopewo ndi cifuwa ca Monti, Sindelar anasowa popumira. Cigoli cimodzi cokha ca tsikulo anagoletsa Guaita, mwana wa ku Argentina, ndipo a Austria anadandaula kuti goloboyi wao anagundidwa mpira usanalowe. Woimbira, Ivan Eklind wa ku Sweden, sanaone colakwa. Codabwitsa ncakuti Eklind yemweyo anapatsidwanso masewera omaliza.

Pa 10 June ku Rome, Mussolini ali kuonerera, Czechoslovakia inatsogola kutatsala mphindi zosakwana 20. Amene anapulumutsa Italy ndi Orsi, mwana winanso wa ku Argentina, ndipo pa mphindi zoonjezera Angelo Schiavio anagoletsa cacipambano. Italy 2, Czechoslovakia 1. Monti anagwira cikho cimene cinampulumuka m'manja zaka zinai zapitazo. Ine sindikaika kuti timu ya Pozzo inali yamphamvu, pakuti inatenganso cikhoco mu 1938 ku France, kumene kunalibe Mussolini woopsa oimbira. Koma ndikanakhala Mspanya, sindiyesa kuti mau amenewa akananditonthoza.

Miyezi isanu itapita Italy inapita ku London kukayesana ndi England, imene inali kukana kulowa nao m'cikhoco podziyesa yoposa onse. Pa 14 November 1934, pa bwalo la Highbury, masewera atangoyamba Monti anagundana ndi Ted Drake nathyoka pfupa la phazi. Anayesa kupirira koma anaturuka, ndipo mphindi 15 zisanathe England inali itamwetsa zigoli zitatu. Ataliyana, pokhulupira kuti mnzao anabvulazidwa dala, anayamba kubwezera, ndipo Eddie Hapgood anathyoka mphuno. Meazza anabweza ziwiri, masewera natha 3-2. Munthu amene anabvulaza ambiri analawa yekha mankhwala ace tsiku limenelo.

Maganizo aja a Pozzo anayesedwa mu 1935, pamene Mussolini anali kukonza nkhondo yolanda Ethiopia. Guaita, poopa kutengedwa usilikali, anathawa mobisa kudzera ku France pamodzi ndi anzace awiri, ndipo mu 1937 anali atabvalanso malaya a Argentina. Orsi nayenso anabwerera kwao mu 1935. Monti anakhala. Anasewerera Italy nthawi 18, kuposa zimene anasewerera dziko limene anabadwira, ndipo anakhala ku Juventus kufikira anasiya mpira mu 1939. Zaka zonse za nkhondo yaciwiri anakhala ku Italy akuphunzitsa matimu, osathawa. Tsono ndimfunse mnzanga uja: pa anthu atatuwa, wokhulupirika ndani, ndipo wokhulupirika kwa yani? Guaita anabwerera kwao cifukwa ca mantha. Monti anacoka kwao atanenedwa wamantha, nakhala kwa eni pa nthawi ya mabomba.

M'zaka za m'ma 1960 bungwe la FIFA linatseka khomo limene Monti analowera. Lero liri lotseguka pang'ono kwa anyamata amene asewerera dziko lao loyamba masewera owerengeka okha, koma munthu amene wasewerapo m'Cikho ca Dziko Lonse saloledwa kusintha. Cifukwa cace Monti akhala yekha m'mbiri: palibe wina amene anasewera masewera omaliza a cikhoci atabvala malaya a maiko awiri.

Nkhondo itatha anabwerera ku Argentina, naphunzitsa kanthawi timu ya Huracán, imene anatenga nayo cikho cace coyamba ali mnyamata wa zaka 20. Pambuyo pace anakhala mwacete ku Escobar, kunja kwa Buenos Aires, ndipo anamwalira komweko pa 9 September 1983, ali ndi zaka 82.